Ndani Amalipira Masiku Olakwitsa? Zimene Tiyi wa ku Thyolo Amatiuza za Kuphunzira Luso

M'mabuku a zauphunzitsi ndi a kayendetsedwe ka antchito simulephera kukhala tsamba lofotokoza masitepe amene munthu amadutsa pophunzira luso. Amene munalembapo mayeso ake mukuwakumbukira. Mu 1967 Paul Fitts ndi Michael Posner anati masitepewo ndi atatu. Poyamba mutu ndiwo umatopa, chifukwa munthu amaganizira chilichonse chimene dzanja likuchita. Kenako zolakwa zimachepa, zidutswa za ntchito n'kuyamba kulumikizana. Pomaliza thupi limangochita lokha, mwini wake akucheza ndi mnzake. Mu 1980 pachibale pawo Stuart ndi Hubert Dreyfus anawafikitsa pa asanu, kuyambira kwa mlendo wongotsatira malamulo mpaka kwa katswiri amene sathanso kufotokoza chifukwa chimene wachitira zimene wachita.

Sindikutsutsana nawo akuluakuluwa. Aliyense amene anaphunzirapo kupalasa njinga kapena kuphika nsima ya anthu 30 pamaliro akudziwa kuti zoona zilimo. Chondivuta n'chakuti amalemba ngati wophunzirayo sadya. Pakati pa sitepe yoyamba ndi yachiwiri pali miyezi, mwina zaka, pamene munthu amawononga zambiri kuposa zimene amapanga, ndipo pamakhala wina wolipira nthawi imeneyo. Ine ndinakulira kufupi ndi Luchenza, kumene ukakwera pachulu maso amakathera m'minda ya tiyi. Mbiri ya minda imeneyi ndiyo inandionetsa kuti pa nkhani ya luso, funso lalikulu ndi lakuti ndani amaloledwa kulakwitsa, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo pa thumba la yani.

Tiyambe ndi azungu, poti timaiwala kuti nawonso anali ophunzira, ndiponso ophunzira ochedwa kugwira. Mbewu yoyamba ya tiyi inadzalidwa pa mishoni ya Blantyre mu 1878, n'kufa. Anayesanso m'zaka za m'ma 1880, ndipo inapulumuka mitengo iwiri yokha. Kuchokera ku mitengo imeneyi Henry Brown, mlimi amene anachoka ku Ceylon khofi atawonongeka kumeneko, anatenga mbewu n'kukadzala ku Mulanje mu 1891. Nthawi imeneyo palibe ankawerengera tiyi. Mtima wa aliyense unali pa khofi, amene anafika pachimake cha m'ma 1900 kenako n'kugwa chifukwa cha chilala, tizilombo, ndi khofi wa ku Brazil amene anagwetsa mitengo padziko lonse. Anayesa thonje, anayesa mphira, anayesa fodya. Ku Thyolo, kumene iwo ankalemba kuti Cholo, tiyi anafika cha m'ma 1908 pa Bandanga, chaka chomwe njanji yochokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, inafika ku Blantyre kudzera pa Luchenza. Tawuni yathu ndi mwana wa njanji imeneyo: mabokosi a tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo ankakwezedwa pa siteshoni yake kupita kunyanja.

Ngakhale apo ntchitoyo anali asanaidziwe. Mbewu zambiri zoyamba zinali zosakanizika, za masamba ang'onoang'ono, ndipo pamsika wa ku London tiyi wa Nyasaland ankadziwika ngati wotchipa, wongosakanizira mnzake wabwino. Maclean Kay, amene anatsegula Satemwa mu 1923, anachokera ku minda ya mphira ya ku Malaya ndipo anayamba ndi fodya. Ignaco Conforzi nayenso anadzera ku fodya. Kenako kunabwera nthenda imene inkasandutsa masamba achikasu, mitengo n'kumauma pang'onopang'ono, eni minda osadziwa chochita. Mu 1933 akatswiri awiri a boma, H. H. Storey ndi R. Leach, anasonyeza kuti sinali nthenda yopatsirana ayi, nthaka inkangoperewera sulufule, ndipo feteleza woyenera ankaithetsa. Chaka chomwecho Dr Harold Mann, katswiri wa tiyi amene anagwira ntchito nthawi yaitali ku India, anatulutsa lipoti lolangiza za kalimidwe kake kuno. Mu 1933 momwemo mayiko olima tiyi wambiri anagwirizana zochepetsa tiyi wotumiza kunja, mitengo n'kukwera, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, sitima n'kumafika ku Beira popanda kutsitsa katundu pamtsinje.

Werengani nokha: kuchokera 1878 kufika 1933 ndi zaka 55. Umenewo ndiwo utali wa sitepe yoyamba ndi yachiwiri ya eni maesiteti. Ndi zoona kuti ena mwa iwo anagwa, makamaka pa khofi, n'kubwerera kwawo opanda kanthu, ndipo sindikuchepetsa zimenezo. Koma gulu lawo lonse linali ndi mkeka wogwerapo. Malo anawapeza pamtengo wa nsalu ndi mikanda, ndipo kuyambira 1892 Harry Johnston anawapatsa zikalata zotsimikiza kuti malowo ndi awo. Mmodzi akalephera, kampani ina inkagula malowo n'kupitiriza. Akatswiri ofufuza nthenda ankalipidwa ndi boma, limene gawo lalikulu la ndalama zake linkachokera ku msonkho wa nyumba za anthu akuda. Koposa zonse, anali ndi thangata.

Mawuwa poyamba anali okoma, ankatanthauza kuthandizana kulima. Pamaesiteti anasanduka lendi yolipira ndi thukuta. Alomwe ambiri amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ankapeza pokhala pa malo a azungu, malinga agwire ntchito mwezi wa lendi ndi mwezi wa msonkho. Mweziwo sunkawerengedwa pa kalendala koma pa tikiti, ndipo tsiku linkachongedwa pokhapokha munthu akamaliza mgwazo umene kapitawo wamupatsa. Apa mpamene nkhani ya masitepe imalowa. Munthu wachilendo pantchito, amene dzanja lake silinazolowere, ndiye amalephera kumaliza mgwazo. Tsiku lake silichongedwa, mwezi wake umatalika, ndipo zonsezi zikuchitika nthawi ya dzinja, pamene munda wake womwe ukufuna khasu. Mwini esiteti anali ndi zaka makumi asanu zophunzirira. Wantchito wake ankalipira tsiku lililonse lolakwitsa ndi chimanga cha ana ake.

Wolemba mbiri Robin Palmer, amene anafufuza moyo wa antchito a m'maesiteti a tiyi pakati pa 1930 ndi 1953, anasonyeza kuti anthuwa nthawi zambiri ankayankha ndi mapazi: kujomba, kuthawa, kusamukira ku esiteti ina. Azungu ankati ndi ulesi. Mkwiyo weniweni unaphulika mu Ogasiti 1953, ndipo unayambira kwathu konkuno, pa esiteti ya Mangunda ya banja la Tennett pafupi ndi Luchenza, pa nkhani ya anthu ogwidwa ndi malalanje. Chipolowe chinafalikira m'maboma a kummwera, anthu 11 n'kuphedwa. Pansi pa malalanjewo panali nkhani ya malo, thangata ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinali chitangokakamizidwa. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Tsopano ndikufuna tikhale kanthawi pa dzanja la wothyola tiyi, kapena wotchola monga timanenera kwathu, chifukwa ife ophunzira timaidutsa ntchitoyi pa minibasi n'kumaiona ngati yosafuna nzeru. Lamulo limene mlendo amauzidwa tsiku loyamba ndi lalifupi: masamba awiri ndi nsonga yake. Ndi lamulo lotere munthu amayang'ana mphukira iliyonse payokha, kuiwerenga masamba, kuithyola ndi dzanja limodzi, n'kutembenuka kuti aone ngati yagweradi m'dengu la kumsana. Tiyi wake amakhala wabwino, koma pofika pasikelo dengu limakhala lopepuka mochititsa manyazi. Akaona anzake akudzaza, amayamba kuthamanga, ndipo apa mpamene amawononga kwambiri. Amakolola masamba okhwima ndi timitengo, zimene zimakanidwa poyang'anira tiyi asanakwere kupita ku fakitale. Amalowetsa dzanja pansi pa tebulo, ndiko kuti msinkhu wofanana umene mitengo yonse ya m'mundamo imasungidwa. Ukathyola mozama wadya masamba amene amadyetsa mtengo, ndipo pobwerera pamalopo pakatha sabata kapena masiku khumi upeza mphukira zochepa. Ukathyola mopepuka tebulo limakwera, mpaka kufika pachifuwa. Palinso mphukira zogona, zimene zasiya kukula, zofunika kuchotsedwa kuti nthambiyo idzukenso. Zonsezi lamulo la tsiku loyamba lija silinena.

Azakhali anga anathyola tiyi zaka zambiri. Nditawafunsa kuti amadziwa bwanji mphukira yoyenera, anandiyang'ana ngati ndafunsa mmene amadziwira kuti madzi ndi onyowa. Anati: "Iwe mwana wa achimwene, dzanja limadziwa lokha. Maso amakhala ali kutsogolo." Dreyfus akanasangalala nalo yankho limeneli. Katswiri amagwiritsa manja onse awiri, lililonse likuyenda palokha, maso akusankha kale mtengo wotsatira. Kufewa kwa phesi pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala ndiko kumamuuza poti adule. Akadzaza chikhatho amaponya kumbuyo osacheuka.

Tiyeni tiike manambala. Mphukira imodzi imalemera pafupifupi galamu imodzi, nthawi zambiri kucheperapo. Mulingo wa patsiku m'maesiteti wakhala woposa makilogalamu 40 a masamba aawisi. Ndiye kuti munthu amasankha ndi kudula mphukira zoposa 40,000 patsiku. M'maola asanu ndi atatu muli masekondi 28,800. Wothyola amapanga chiganizo choposa chimodzi pa sekondi iliyonse, tsiku lonse, pamtunda wotsetsereka, mvula ili pamsana, pakuti tiyi wambiri wa dziko lino amakololedwa pakati pa Disembala ndi Epulo. Ndipo pamafunika makilogalamu anayi ndi theka kapena asanu a masamba amenewa kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. M'mafomu a boma munthu ameneyu amalembedwa kuti wantchito wopanda luso.

Pali kafukufuku wakale amene amandithandiza kumvetsa chifukwa chake ambiri amasiyira pakati. Mu 1897 ndi 1899 William Bryan ndi Noble Harter a ku America anatsatira anthu ophunzira telegalafu, ntchito yomvetsera kugogoda kwa waya n'kulemba uthenga, yonga imene makalaliki a m'masiteshoni a njanji ankagwira. Anapeza kuti wophunzira amakwera msanga, kenako amafika pathyathyathya pamene masabata amadutsa popanda kusintha kooneka. Malinga ndi iwo, nthawi imeneyo khutu likusiya kumva chilembo chimodzichimodzi, likuphunzira kumva mawu athunthu, kenako ziganizo. Ofufuza a pambuyo pake anatsutsa zoti aliyense amadutsa pamalo otere, koma amene anaphunzirapo kutaipa, kusoka kapena chiyankhulo chachilendo akukudziwa kutopa kwake. Ukugwira ntchito molimbika ngati dzulo, zotsatira zili chimodzimodzi, ndipo kunja kukuoneka ngati wafika pamapeto pa nzeru zako. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma kudekha kumafuna kuti kunyumba kukhale ufa. Munthu wolembedwa ntchito ya nyengo imodzi, amene akudziwa kuti mvula ikatha ntchito yatha, alibe pobisala nthawi imeneyi.

Kwa amene anapirira n'kufika paukatswiri, m'nthawi ya atsamunda makwerero ankathera pafupi. Wothyola wabwino ankatha kukhala kapitawo, wodziwa kulemba n'kukhala kalaliki wa pasikelo. Kuyendetsa esiteti, kulamula fakitale kuti masamba afote maola angati ndi kuti aumitsidwe liti, kulawa tiyi ndi kumuika mtengo, zimenezo zinali za azungu. Mabuku aja amajambula masitepe ngati makwerero oti aliyense wakhama akwera. Ku Thyolo makwerero ankakwereka mpaka pamene lamulo ndi khungu zinakhoma denga. Amalawi anayamba kulowa m'maudindo amenewo pang'onopang'ono dziko litalandira ufulu mu 1964.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha alimi ang'onoang'ono. Mu 1967 boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority kuti anthu a m'midzi ya ku Mulanje ndi Thyolo azilima tiyi wawo, ndipo mu 1974 anawamangira fakitale ya MATECO ku Mulanje. Anthu a m'midzi yozungulira maesiteti kuthyola ankakudziwa kale. Koma kukhala mwini munda ndi luso lina, ndipo katswiri anabwerera pa sitepe yoyamba. Anafunika kuphunzira kusamala mbande, kudulira mitengo yaing'ono kuti ipange tebulo, kuthira feteleza panthawi yake, kusunga mabuku, ndi kuwerenga pepala la malipiro kuti aone zimene zadulidwa pa ngongole. Tiyi salipira msanga. Pamadutsa zaka zitatu kapena zinayi usanayambe kukolola zooneka, ndi zina zingapo mtengo usanafike pamphamvu yake, ndipo zaka zonsezo kamunda kako kakang'ono kakusunga mitengo yosadyedwa. M'zaka za m'ma 1990 bungwe lija linalowa m'mavuto a ndalama, malipiro a alimi n'kumachedwa, mpaka linathetsedwa mu 2002. Alimi anaphunziranso luso lachitatu, lopanga mabungwe awoawo monga Sukambizi ku Mulanje ndi Msuwadzi ku Thyolo, n'kumakambirana mitengo ndi maesiteti amene amagula masamba awo.

Yerekezani ndi Kenya, kumene tiyi anafika mochedwa kuposa kuno. Kumeneko ndondomeko ya Swynnerton ya 1954 inatsegulira anthu akuda kulima mbewu zamalonda, ndipo KTDA, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inamanga mafakitale ambiri, misewu ndi ulangizi mozungulira alimi ang'onoang'ono. Lero alimiwo amalima tiyi woposa theka la tiyi yense wa dzikolo. Kuno kwathu gawo lawo likadali laling'ono kwambiri. Sindikhulupirira kuti dzanja la mlimi wa ku Kericho kapena Nyeri linabadwa lanzeru kuposa la mlimi wa kwa Bvumbwe. Kusiyana kuli pa malo amene anatsala m'manja mwa anthu, ndi pa utali wa nthawi imene wina anavomera kuwanyamula asanayambe kubweza.

Chodabwitsa n'chakuti makampani a tiyi amadziwa bwino kulipira nthawi yophunzira, ngati wophunzirayo ndi mtengo. Ku Mimosa, ku Mulanje, kuli Tea Research Foundation of Central Africa, imene inakhazikitsidwa mu 1966 ndipo imayendetsedwa ndi ndalama zimene olima tiyi amasonkha. Mitundu ngati SFS 150 ndi PC 108, imene inakweza ubwino wa tiyi wathu ndipo inadzalidwanso m'mayiko ena, inachokera ku kafukufuku wa ku Mulanje. Kuti mtundu umodzi utulutsidwe pamadutsa zaka zoposa khumi, ndipo mbande zambirimbiri zimayesedwa n'kutayidwa. Palibe amene amaima pa nazale n'kufunsa kamtengo ka miyezi isanu ndi umodzi kuti kabweretsa makilogalamu angati.

Mwina mukuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a madigiri. Tsegulani tsamba la ntchito m'nyuzipepala iliyonse. Pafupifupi paliponse akufuna munthu amene wagwirapo kale ntchitoyo zaka ziwiri kapena zitatu. Kumasulira kwake n'kwakuti: kalakwitsireni kwina, mubwere kuno mutapsa. Bwana aliyense akufuna wothyola wa manja awiri, palibe akufuna kulandira dengu lopepuka la mwezi woyamba. Ndiye amalipira ndani? Amalipira makolo amene amatumiza ya thiransipoti kwa mwana amene akugwira ntchito yaulere ku Blantyre kuti apeze kalata. Amene makolo ake alibe amasiyira pathyathyathya paja, ndipo tikakumana naye patapita zaka timati analibe khama. Mwana wa olemera akhoza kugwetsa bizinesi ziwiri, yachitatu n'kuyenda, kenako n'kumatiuza pa Facebook za kupirira.

Sindikunena kuti olemba ntchito onse ndi oumira. Mwini kagalaja wa antchito atatu sangakwanitse kuwonongeredwa injini ya kasitomala, ndipo zimenezo ndi zomveka. Koma amisiri enieni anapeza kale njira. Jean Lave, amene anakhala pakati pa matelala a ku Monrovia ku Liberia m'zaka za m'ma 1970, anaona kuti wophunzira amayambira kumapeto kwa chovala: kusita, kusokerera mabatani, kupinda m'mphepete. Kenako amaloledwa kusoka zidutswa zodulidwa kale. Sizasi yodulira nsalu amaigwira pomaliza, poti pamenepo mpamene kulakwitsa kumadula ndalama. Pitani pa khonde la sitolo iliyonse pa Luchenza pamene pali telala ndi mnyamata wake, mukapeza dongosolo lomwelo, lopanda buku. Ntchito imakonzedwa kuti zolakwa zoyamba zikhale zotchipa, ndipo wophunzirayo amakhala akuthandiza kuyambira tsiku loyamba. Maofesi athu ambiri sanaganizepo zotere. Intern amatumidwa kukafotokopa mapepala miyezi isanu ndi umodzi, kapena amapatsidwa ntchito yonse ya munthu amene anachoka, popanda womuyang'anira. Komatu olemba ntchito amalipira kale msonkho wa TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, wa 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo, ndipo cholinga chake n'chomwechi, kuti mtolo wophunzitsa usagwere munthu mmodzi. Ife amene tikufuna ntchito tili ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo zimafika kwa wophunzira uti.

M'minda ya tiyi momwemo gudumu likutembenukanso. Maesiteti ena anayamba kugwiritsa ntchito masizasi okhala ndi kabokosi kolandirira masamba, ndipo makina othyolera akulowa pang'onopang'ono, monga zachitikira ku Kenya, kumene nkhani yake inafika mpaka kukhoti. Makina sasankha mphukira, amameta tebulo lonse, ndipo ntchito ya anthu ambiri imagwiridwa ndi ochepa. Mayi wa zaka 50 amene manja ake amaganiza okha adzauzidwa kuti luso lake latha ntchito, ndipo ngati ali ndi mwayi adzapatsidwa chida chachilendo n'kubwerera pa tsiku loyamba, ana ali kusekondale. Mu 2016 bungwe la antchito a m'minda la PAWU linasainirana ndi Tea Association of Malawi mgwirizano woyamba wa malipiro m'mbiri yonse ya tiyi m'dziko muno, patadutsa zaka 125 chidzalire Henry Brown mbewu zake. Ndikanakhala pa tebulo la zokambirana zotsatira, ndikanapempha mzere umodzi wonena kuti wantchito wosamutsidwira ku chida chatsopano azilandira malipiro ake onse kwa masabata akutiakuti, sikelo isanayambe kumuwerengera.